Foda ya Malemu

Bwana anaimba foni mayi wamakompyuta akusambitsa mwana wake wodwala.

"Webusaiti yagwanso! Ikapanda kudzuka, mawa usabwere."

Mayiyo anafika ku ofesi kuli mdima, akutukwana chamumtima.

Seva, kompyuta yomwe imayendetsa webusaitiyo, ili ndi khalidwe lake. Ikamayaka, imafunafuna fayilo ya masetingi m'foda ya pulogalamu. Ikaisowa, imakwera foda ya pamwamba, kenako ina, ndipo imamvera fayilo yoyamba kuipeza.

Anaika fayilo yake pamalo oyamba penipeni, n'kuyatsanso seva. Seva inaidumpha.

"Ukundiyesa chitsiru iwe?" anakalipa, akumenya tebulo.

Anawerenga zomwe seva inalemba. Inali itakwera mafoda onse, n'kukatenga fayilo m'foda ya mnzake yemwe ankakhala pa desiki ya pawindo. Mnzakeyo anamwalira chaka chatha, atakomoka pa desiki pomwepo bwana atamuitana usiku. Foda yake inafufutidwa maliro atangotha.

Koma mayiyo atayang'ana, anaipeza ilipo. Anaifufutanso. Inabwerera.

Anaimbira bwana.

"Bwana, mwapatsa ndani pasiwedi ya malemu? Ndasiya mwana akutentha thupi kuti ndidzaseweretsedwe kuno?"

"Ukulalata chiyani? Webusaiti yadzuka kale. Si iwe wandiimbira pa foni ya ofesi kuti wamaliza?"

Foni ya ofesi inali pa desiki ya pawindo. Cholankhulira chake chinali chikulendewera pa chingwe, chikugwedezekabe.

Kenako mpando wa pa desikiyo unayamba kutembenukira kwa iye.