Chitedze mu Nambala Folo

Triza ankayanika mashiti kuseri kwa resitihausi pamene galimoto yodzaza fumbi inaima pansi pa mtengo wa mango. Ku Senga Bay alendo sadabwitsa. Azungu ofiira ndi dzuwa, mabwana a ku Lilongwe obwera ku masemina a demokalase, onsewo amangobwera n'kupita. Koma uyu atangotsika, shiti inamupulumuka Triza n'kugwera mumchenga.

Anali Lawson. Mutu unali utachita imvi, mimba itaphwa, koma khutu lake loduka lija linali lomwelo.

Mu 1975, zaka makumi awiri zapitazo, Lawson ndiye ankatsogolera anyamata a chipani kwawo ku Dowa. Bambo ake a Triza anakana kugula khadi, ati chikhulupiriro chawo sichilola. Lawson yemweyu ndi amene anakhwatcha machesi n'kuyatsa denga lawo. Bambowo anamenyedwa, sabata isanathe anatsirizika. Anthu akuthawa, Triza, kamtsikana ka zaka khumi, anapulumuka m'dzanja la mayi ake, a Ester, ndipo sanawaonenso. Ena ankati anawolokera ku Mozambique, ena ankati anafera m'njira. Iye anakulira kwa azakhali ake ku Lifuwu, akupirikitsa mbalame m'minda ya mpunga.

Ndiye lero munthu ameneyu abwere kudzapitidwa mphepo ya kunyanja? Ayi ndithu! Pa wailesi ankangoti tikhululukirane, tiiwale zakale. Aiwale okha amene nyumba zawo sizinapse.

Triza anasendera pawindo la ofesi. Lawson ankalankhula ndi a Binali, eni ake a malowo.

"Chipinda chimodzi, achimwene, chopanda masitepe. Madzi osamba akhale ofunda, thaulo likhale lofewa."

Madzi ofunda mu Okutobala, ku Salima! Matama ake sanathebe. Triza anasuzumira kugalimoto. Kumpando wakumbuyo kunali munthu atadzifunditsa chitenje mpaka kumutu, akusinza. Mkazi wake ameneyo, basi. Wadya nawo zabwino zaka zonsezi, lero alawe nawonso zinazi.

Lawson ananong'oneza kanthu, a Binali n'kuloza Triza ndi milomo. Mlendoyo anamuyang'ana kamodzi, n'kugwetsa maso. Triza sanade nkhawa. Amuzindikire bwanji? Tsiku lija maso ake anali padenga, ana sankawaona.

"Triza, konzani nambala folo," anatero a Binali.

"Chabwino, bwana. Ndiyikonza bwinobwino."

Kuseri kwa resitihausiyo phiri limayambira pampanda pomwe. Triza anakwera, dzuwa lili paliwombo, atavala thumba la shuga kudzanja. Ankadziwa pamene chitedze chinayanga pamtengo wouma. Anathyola nyemba zisanu zokhwima, ubweya wake uli nyezinyezi.

Aliyense wokulira kumudzi amachidziwa chitedze. Chikakugwira, ukakanda ndiye wachiwonjezera moto, ndipo thukuta limachifalitsa thupi lonse. Munthu wamkulu amavula pagulu osaona manyazi. Izi ndi zimene Triza ankafuna: Lawson athamangire kunyanja ali buno bwamuswe, alendo onse akuona, asodzi akuseka. Zinali zochepa poyerekeza ndi manda a bambo ake, koma zinali zimene manja ake akanatha.

Atabwerera, analowa mu nambala folo n'kukhoma chitseko. Ndi kampeni anapalira ubweyawo pashiti yapansi, papilo, kenaka anatsiriza wonse m'kati mwa thaulo lofewa lija. Anayala bedi mosamala kuposa masiku onse, ngodya zili gwa. Madzi anafunditsa yekha, nawayesa ndi chigongono. Pathebulo anaikapo ngakhale duwa m'botolo.

"Koma lero mwadzipereka," anayamikira a Binali polandira kiyi.

"Mlendo wake ndi wofunika, bwana."

Anakakhala kukhitchini n'kuyamba kupala chambo, makutu ali tcheru. Anamva chitseko cha galimoto. Anamva mapazi okwekwereza, oyenda pang'onopang'ono pakhonde. Chitseko cha nambala folo chinatsekeka, kenaka madzi anayamba kukhavuka kubafa. Mtima wa Triza unkagunda mokoma. Zaka makumi awiri akudikira, mphindi zochepazi zikanamuvuta chiyani?

Pakhomo la khitchini panagwa chithunzithunzi. Triza atadzutsa mutu anaona Lawson, zovala zake zomwe zija zafumbi, chipewa chili m'manja. Sankakanda paliponse. Bambo wamkuluyo anagwada pasimenti yonyowa, pakati pa mamba a nsomba.

"Mayi Triza, ine simungandiiwale, ndipo sindikupempha kuti mundiiwale. Zimene ndinachita kwanu zandisowetsa tulo. Zaka ziwiri ndakhala ndikuzungulira m'midzi ya ku Mozambique, kufunsa khomo ndi khomo."

Triza anafinya mpeni umene ankapalira chambo. "Kufunsa chiyani?"

"Mayi anu. Ndawapeza, ali moyo, kungoti thupi latha. Anandiletsa kukuuzani msanga, ati mwana wawo asawaone ali mbuu ndi fumbi, ayambe asamba n'kupumako pang'ono. Chipinda chija ndi chawo. Ine ndigona m'galimoto."

Madzi kubafa anali atasiya kukhavuka. Mpeni unagwa m'manja mwa Triza, ndipo asanafike n'komwe pakhonde, mu nambala folo munatuluka mfuu ya mawu okalamba amene iye ankawadziwa kuyambira ali kumsana.

"Mayo ine! Ndikupsa!"