Mlenje wa ku South Bend

Nkhuku inali itazizira kale m'mbale ya a Bizwick Kamwendo, koma iwo ankangoitembenuza ndi foloko. Pansi pa tebulo adzukulu awo, mapasa a zaka ziwiri, ankalimbirana nsapato. Mawu amene bamboyo anakonza njira yonse kuchokera ku South Bend mpaka kufika kuno ku Lawrence, kunyumba kwa mwana wawo wamkazi Madalo, ankangowabwereza mumtima.

Nkhaniyi inayamba mwezi wapitawo, Madalo atawaimbira foni iwo ali kuntchito, kunyumba yosamalirako okalamba.

"Adadi, mupemphe tchuthi mu Novembala. Ndabukitsa ulendo wa ku India. Sabata yoyamba ndi ya kunkhalango kukaona akambuku, yachiwiri ndi yozungulira mizinda yakale, Jaipur ndi Agra. Wolondolera alipo, zonse zili m'malo. Koma amami musawauze, ndi sapulaizi ya tsiku lawo lobadwa."

A Kamwendo anathokoza mwaulemu, n'kudula foni, n'kuthamangira kuchimbudzi.

Vuto linali pakamwa pawo. Chifikireni ku Amereka, paphwando lililonse la Amalawi iwo ndiwo ankakhala mwini nkhani za m'tchire. Anali atathamangitsapo mkango ndi chikuni cha moto ku Kasungu. Anali atayang'anizanapo ndi njati maso ndi maso, mpaka njatiyo n'kuyamba ndiyo kuphethira. Ana a kutchalitchi ankawaitana kuti Ankolo Mkango. Pomwe zoona zake, bamboyo anabadwira ku Zingwangwa, n'kukulira ku Zingwangwa komweko, ndipo ku Kasungu anangodutsako pabasi ali m'tulo. Ngakhale kagalu ka mzungu woyandikana nawo nyumba, kaja amakaveka juzi nthawi yozizira, kankawawolotsa msewu.

Tsopano bodza lija linali litabereka tikiti ya ndege.

Anayesa kudzilimbitsa mtima poonera mafilimu a maulendo otere pa foni. Kunali kudziputira. Anaona jipi yopanda denga, yopanda zitseko, alendo atayalidwa m'menemo ngati mandasi palichero, kambuku wamizeremizere akuyenda pambali pake mosathamanga. Wolondolera analibe mfuti. Anali ndi kandodo basi, ndipo ankamwetulira. Za mizinda yakale zija nazo sizinawatonthoze: nyumba zachifumu zili pamwamba pa mapiri, masitepe osaoneka pothera, anyani olanda anthu nthochi m'manja. Maondo awo ankaphwanya pongoonera.

Choipitsitsa n'chakuti anali ataulula kale. Mlenje angasunge bwanji nkhani yotere? Ananong'oneza azibambo awiri atatu pakhomo la tchalitchi, ndipo pofika Lamlungu linalo a Chester, msungichuma wa mpingo, anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Akambuku a ku India aona zakuda chaka chino, achimwene. Mukatijambulire muli pafupi nawo, osati patali ngati azungu."

"Mwayamba liti kundikayikira?" anayankha choncho a Kamwendo.

Kunama kuti akudwala sakanatha, popeza akazi awo a Evelina ndi namwino. Kunena kuti abwana akana tchuthi sakanathanso, chifukwa anali atawonetsa kale Madalo kuti chavomerezedwa. Inatsala njira imodzi yokha: kukana ngati munthu wamkulu, mokoma mtima, anthu n'kumawatamanda.

Tsopano patebulo paja Eugene, mkamwini wawo, anagogoda tambula ndi supuni. Madalo anaimirira.

"Amami, tili ndi nkhani yanu."

Anafotokoza zonse, za nkhalango, za nyumba ya miyala yoyera imene mfumu ina inamangira mkazi wake, za hotela ndi wolondolera. A Evelina anagwira pakamwa, kenaka n'kuimba nthungululu yomwe inadzidzimutsa mapasa pansi pa tebulo. Misozi inali mbwembwembwe. Madalo asanamalize, a Kamwendo anakankha mpando n'kuimirira, dzanja limodzi pachifuwa.

"Ana anga, ndathokoza. Mwatilemekeza. Koma ine ndalingalira mozama." Anatsokomola pang'ono. "Zinyama ndinaziona zokwanira pa moyo wanga. Munthu woti anagonapo mkango ukubangula kuseri kwa msasa, kambuku woonera m'jipi angamuuze chiyani? Kungakhale kumana ena mwayi. Ine sindipita. Malo angawo utenge ndiwe Madalo, upite ndi amayi ako, nawenso ukaoneko zimene ife tinakula nazo. Musandikakamize ayi. Ndatsimikiza."

Anakhala pansi mtima uli myaa. Mawuwo anatuluka bwino kuposa mmene anawayeserera m'galimoto. Tsopano ankangodikira kuti ayambe kuwachonderera, ndipo anali okonzeka kukana mpaka mbale zitachotsedwa.

A Evelina ankayang'ana kudenga. Eugene anaweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka, ndipo a Kamwendo anamumvera chisoni mnyamatayo. Sankadziwa kuti mkamwini wawo ndi wofewa mtima chotere, wolira ndi mawu a apongozi.

Madalo anasisita m'mphepete mwa tebulo.

"Adadi," anatero motsitsa mawu, "matikiti ndi awiri okha, anga ndi a amami. Inuyo tchuthi chija ndimati mudzamuthandize Eugene kulera mapasa."

Pansi pa tebulo mdzukulu mmodzi anawaluma pakatumba, ndipo a Kamwendo anayamba kuisirira jipi yopanda denga.