Chikhomo pa Kapinga wa Ukwati

Panali munthu wina, bambo womanga matenti, waluso ndithu koma wamakani osasimbika. Ntchito zake zambiri ankazipeza pa maukwati a m'munda wina wakalekale wa maluwa. Mwini mundawo anali ndi lamulo limodzi: wowononga kanthu asadzapondemonso.

M'mawa wa ukwati wina, mayi woyang'anira mundawo anamuchenjeza kuti, "Achimwene, pa kapinga apa musakhomepo zikhomo. Pansi pali mapaipi akale a madzi. Mangirirani zingwe ku matumba a mchenga awo."

"Ndamva, mayi," anatero. Kumva kwake kuti? Mayi atangotembenuka, mkulu uja anaona kuti matumba akumuchedwetsa. Anatenga chikhomo chachitsulo, nyundo kho! kho! Kachitatu, madzi anayamba kutumphuka m'mbali mwa chikhomo, pafupi penipeni ndi njira yodzera mkwatibwi. Apo n'kuti alendo akulowa pageti.

Thukuta linali kamukamu. Anagwira chikhomo kuti achizule, abise mlandu.

"Musazule!" anakuwa mayi uja akuthamanga. "Chikhomocho ndiye chatseka bowo. Mukazula, kapinga yense asanduka dambo."

"Ndiye tsekani madzi, mayi!"

"Kukhitchini aphika ndi chiyani? Nanga kuzimbudzi? Pondani pa chikhomopa, mulemererepo. Musasunthe mpaka ndikuuzeni."

Mayi ameneyu, abale, mutu wake unkagwira! Sanatukwane, sanakalipe. Anazunguliza miphika ya maluwa pa mapazi a bamboyo, kumuveka jekete la woperekera zakudya, n'kumugwiritsa ambulera. Alendo ankangoti ndi wolandira anthu. Ena mpaka kumufunsa kokhala, iye n'kumaloza ndi mlomo.

Anaima pomwepo mwambo wonse, dzuwa likuswa mtengo, nsapato zitadzaza madzi, mwendo utachita dzanzi. Mkwatibwi anadutsa pambali pake, diresi lili mbee, osadziwa kanthu.

Alendo atapita, madzi atatsekedwa, mwini munda anafika nkhope ili gwaa. "Wakhoma ichi ndani?"

"Ndine, bwana," anayankha bamboyo, akuganiza za ana ake kunyumba. "Anandiletsa, koma sindinamve."

"Lamulo mukulidziwa. Pasulani matenti anu, musadzabwerenso."

Pamenepo mayi uja analowererapo. "Bwana, wakhoma ndi ameneyu, sindikana. Koma amene waima apa mpaka mapazi kutupa kuti ukwati wa eni usaonongeke ndi yemweyunso. Mukathamangitsa woyambayo, wachiwiriyo mukamupeza kuti?"

Bwana anayang'ana mapazi otupawo, anayang'ana mayiyo, kenako anapukusa mutu n'kutembenukira kwa bamboyo. "Mawa mulawirire, mudzakumbe nokha paipiyo."

Womanga matenti uja, bambo wamkulu ndi ndevu zake, anakhala pansi pa kapinga wonyowayo, misozi chuchuchu.

Phunziro: Ukauzidwa kuti apa usakhome, usakhome, chifukwa zapansi amazidziwa ndi amene amakhalapo. Koma ukalakwa usathawe, ima pomwe walakwapo, kuti wokulankhulira apeze poyambira. Atumizireni anzanu onse amakani, nawonso amveko.