Lata la pa Paipi ya Utsi

M'chisanu cha Juni, Gabriel wa ku Nsaru ankafunditsa anapiye ake ndi hita ya dizilo. Paipi ya utsi anaitulutsira kuseri kwa khola, n'kuitchinga ndi lata kuti ana asapse, ndiponso udzu wa denga usayake. Koma m'mawa uliwonse ankapeza latalo litamasulidwa, litatsamiritsidwa bwinobwino kukhoma.

"Wakuba akanapita nalo," anatero mkazi wake Imelda. "Uyu akufuna khola lipse basi."

Gabriel anakayikira mlamu wake, amene ankalimbana naye malire a munda. Kutangoda, anatenga tochi n'kuzembera kuseri kuja.

Lata linali pansi kale. Munthu wofunda chitenje kumutu anali atanjuta, manja onse atafumbata paipi yotenthayo. Fungo la kupsa panalibe.

"Kodi ndinu ndani?"

"Komwe tikugonako kukuzizira, bambo," anayankha mawu achizimayi, mwini wake osacheuka. "Musamatchinge."

Gabriel anathamangira m'khola n'kuzimitsa hita. Anapiye onse anangoti zii. Potuluka anapeza anthu achuluka, akulu ndi ana omwe, atandanda m'mbali mwa khoma.

"Yatsaninso," anatero mayi uja. "Anawa sanaothe."