Dzenje la Njiri Losungiramo Ana

Padangotero, kutchire kunali Njiri yemwe ankasunga ana a anzake m'dzenje mwake makolo akapita kofuna chakudya. Bwalo la nyama linamupatsa chilolezo cha ana asanu okha. Birimankhwe, amene anadzayeza dzenjelo, anati, "Pazitsala malo oti inunso mulowe chafutambuyo, mutseke khomo ndi minyanga yanuyo."

Tsiku lina m'mawa Nungu anafika ndi tiana take tiwiri.

"Achemwali, ndisungireni lero lokha."

"Akwana kale asanu," anatero Njiri.

"Timakanda timeneti? Mmene Birimankhwe azidzafika kuno tidzakhala titakula. Kapena mwayamba kunyada?"

Njiri anachita manyazi n'kutilandira, koma mtima sunakhale m'malo. Ankangowerenga mitu ya ana, kenaka n'kuyambiranso.

Dzuwa lili paliwombo, Kambuku anatulukira m'udzu.

"Lowani msanga!" anakuwa Njiri.

Ana anakhamukira m'dzenje. Njiri anabwerera chafutambuyo, koma yomwe inalowa ndi miyendo yam'mbuyo yokha. Akati akankhe, ana ankalira kuti akubanika, uku minga ya tiana ta Nungu ikumulasa. Anangoima pomwepo khosi lili pamtunda, akugwedeza minyanga. Kambuku anamuzomola khutu, koma atabayidwa pamphuno anathawa.

Madzulo makolo anapeza ana onse ali moyo, Njiri ali magazi okhaokha.

"Mwaona? Anakwanamo bwinobwino," anatero Nungu. "Mawa ndibweretsa atatu."

Njiri anamutembenuzira mbali yabalayo.

"Lankhulirani kuno, achemwali. Khutu limene linkamva zoterozo lapita ndi Kambuku."

Nthano yanga yadukira pamenepo.