Wakhumiyo

Sindinauzepo munthu kuti chipepala cha boma chija, pakhoma la sitolo pa Migowi, ndinkachimatula ndine.

Chinkati: "Atsikana asanu ndi anayi mwa khumi alionse akupitiriza sukulu. Nanga iwe?" Ine ndinkagulitsa nandolo pansi pakepo, mwana kumsana, anzanga akudutsa m'mayunifolomu osandiyang'ana. Sukulu ndinkaifuna, koma mwanayu ndikanamusiyira ndani?

Lachisanu kunabwera mayi Bernadette a ku ofesi ya maphunziro kudzamata china.

"Munthu akamva kuti anzake onse apita, nayenso amanyamuka," anatero akusalaza pepalalo. "Palibe amafuna kutsala yekha. Koma akumatulayu ndani, abale? Mfiti?"

Mwana anatakataka kumsana.

"Amayi," ndinatero, "wotsala yekhayo ndine. Pepalali limandiloza tsiku lonse."