Bulangeti la Mchimwene Wako

Ndinazimitsa TV mayina a osewera asanathe kudutsa.

"Amayi, mwatani?" unatero iwe mwana wanga, ukupukuta misozi ya kuseka.

Filimuyo unabwera nayo ndiwe. Unati ndi ya mizukwa basi. Sunanene kuti mzukwawo umakhala m'ndende, n'kumapotokola makosi a akaidi mmodzimmodzi.

Mwamuna wako anawongola miyendo pampando wanga. "Koma filimu iyi ndi moto, apongozi! Mzukwa uja ndiye jaji weniweni. Sumva za apilo."

"Bola ukanawamaliza onse," anatero mnzako wa ku saluni uja. "Wolowa mmenemo ndi munthu ngati?"

Ndinayang'ana iwe, kudikira mawu amodzi okha. Unagwedezera mutu, n'kunena kuti pamene panakukomera ndi paja mkaidi wowonda amaitana mayi ake, chitseko osatseguka.

Pamiyendo panga panali bulangeti la mchimwene wako, singano ili chibayire. Ndimalisoka kuti Loweruka ndikamupatse, chifukwa muselo mwawo simenti imazizira. Chino ndi chaka chachitatu ali mkati. Anzako umawauza kuti anapita kunja kukagwira ntchito.

Sindinalire, nthawi imeneyo ndilibe. Ndinadula ulusi ndi mano, n'kupinda bulangetilo.

Mzukwa uja sunandiopse, ndi munthu wopakidwa ufa kumaso. Chinandiopsa ndi kuseka kwako.

Loweruka basi imanyamuka seveni koloko. Bulangetili unyamule ndiwe. Ndatopa kumuuza kuti mchemwali wake watanganidwa, ndiye akakafunsa pawaya paja poonera akaidi ukamuyankhe wekha.